Zomangira Tsitsi Zosoka Pakhomo: Ulusi Ukamakolana, Lasitiki Akamafooka, Guluu Akamamatuka

Ma scrunchie, ma Alice band okutira chitenje, ma bow a ana a sukulu, timaduku ta lasitiki kumbuyo, zonsezi zimatuluka m'tizidutswa ta nsalu timene telala akanangosesera kudzala. Ntchito yake imaoneka yochepa, koma imavutitsa makina kuposa kusoka siketi. Kansalu kamakhala kakang'ono, kopindidwa kangapo, ndipo nthawi zambiri singano ikudutsa pa lasitiki kapena pa satini woterera. N'chifukwa chake madandaulo amabwera omwewomwewo: ulusi waunjikana kunsi, makina akudumpha, scrunchie yafooka sabata isanathe, bow yamatuka mwana ali m'kalasi.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira kupotokola tenshoni, kogudubuza kolimbitsa kapena kukhwefula ulusi wapamwamba, ena kusenza makina ulendo kwa okonza. Dikirani kaye. Mwa mavuto ali m'munsimu, ochepa okha ndi amene amafuna makaniko. Pezani chizindikiro chanu, muyambe ndi nambala 1, chifukwa zoyambitsa zasanjidwa kuyambira chofala kwambiri. Sinthani chinthu chimodzi chokha, muyese pa kansalu kotsala ka mtundu womwewo, kopindidwa mofanana ndi chimene mukusoka. Zikakanika ndi pamene mupite pa nambala yotsatira.

## MAVUTO A PA MAKINA

### Ulusi ukuunjikana kunsi kwa nsalu

Pamwamba msoko ukuoneka bwinobwino, mukatembenuza mukupeza mtolo wa ulusi wokolana. Poti vuto laonekera pansi, anthu amaganizira bobini, kokulungira ulusi wapansi. Koma kawirikawiri ulusi umene waunjikanawo ndi wapamwamba. Ngati mukukayika, ikani ulusi wofiira pamwamba, woyera mu bobini, musoke pang'ono muone mtundu umene waunjikana.

1. Mwalowetsa ulusi phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu, lili pansi. Phazi likatsika, timbale ta tenshoni timatsekana, ndiye ulusi umangokhala pamwamba osalowa pakati pake. Yesani chonchi: kwezani phazi, kokani ulusi, uzibwera mosavuta. Tsitsani phazi, kokaninso, tsopano ulimbe. Ngati palibe kusiyana, solola ulusi wonse, kwezani phazi, muyambirenso kulowetsa.
2. Ulusi waphonya kachitsulo kokwera ndi kutsika kamene kamakoka ulusi pamwamba pa singano. Zungulizani wilo mpaka kachitsuloko kafike pamwamba penipeni, muone ngati ulusi wadutsa m'bowo mwake.
3. Simunagwire michira ya ulusi poyamba. Pa tinthu ting'onoting'ono ngati bow mumayamba msoko watsopano pafupipafupi, ndiye vutoli limachuluka. Kokerani michira yonse iwiri kumbuyo kwa phazi, muipanikize ndi chala mpaka singano ilowe katatu kapena kanayi.
4. Mwaiwala kutsitsa phazi. Musaseke. Pansi pakakhala lasitiki ndi nsalu yokhuthala, phazi limaoneka ngati latsika chikhalirecho lili m'mwamba.
5. Wilo labwerera m'mbuyo. Izi n'za makina opalasa ndi mapazi. Pa Butterfly ndi ena ofanana nawo wilo limazungulira kubwera kwa inu. Liyambitseni ndi dzanja, mapazi alandire likuyenda kale.
6. Fumbi la nsalu ladzaza mozungulira shatulo, chitsulo cha pansi mmene mumakhala bobini. Chotsani kambale ka pansi pa singano, musese ndi kaburashi pakati pa mano okoka nsalu ndiponso mu shatulo. Osauzira ndi pakamwa, mukankhira fumbilo mkati, kuwonjezera ndi chinyezi.
7. Bobini yakulungidwa mokhotakhota, yapindika, kapena si ya makina anu. Ma bobini amafanana pa maso koma amasiyana msinkhu. Pokagula tengani yakale mukayerekeze.

Tenshoni ndi yomaliza kukhudza. Pa makina okhala ndi manambala, ntchito zambiri zimayenda pakati pa 3 ndi 5. Kasikuluwu kakang'ono ka pa shatulo ndiye musakathamangire. Ngati mwafikadi pokakhudza, lembani kaye pamene kanali, mukatembenuze pang'ono kwambiri, osapitirira kota ya mzungulo, kenako yesani.

### Makina akudumpha, msoko ukusiya mipata

1. Singano yabuntha kapena yapindika. Ichotseni, muigoneke pa galasi mbali yaphwatalala ili pansi. Ikakhala yowongoka, mpata wa pakati pa singano ndi galasi umakhala wofanana kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Opanga masingano amalangiza kusintha singano ikasoka pafupifupi maola 8, koma m'makomo mwathumu singano imatha chaka ili pa makina. Ikamamveka kuti thu thu polowa m'nsalu, yatha ntchito.
2. Yalowa molakwika. Iyenera kukankhidwa mpaka kugunda pamwamba musanamange. Pa makina akuda a mtundu wa Butterfly, mbali yaphwatalala imayang'ana kumanja, kumene kuli wilo, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Pa makina ambiri amakono a magetsi imayang'ana kumbuyo, ulusi n'kulowera kutsogolo. Ma Singer akale ena amasiyana ndi zonsezi, choncho onani buku la makina anu. Lamulo losasintha ndi lakuti ulusi umalowera mbali imene kuli kangalande kakatali ka singano.
3. Singano siyogwirizana ndi nsalu. Chitenje chimafuna singano ya saizi 80/12 kapena 90/14. Satini amafuna yopyapyala yakuthwa, 70/10. Pa lasitiki, pa nsalu ya T-shirt ndi pa velvet wotamuka, funsani singano yolembedwa stretch kapena ballpoint, imene nsonga yake imapatula ulusi wa nsalu m'malo moubaya. Samalaninso kuti asakupatseni singano ya makina a m'fakitale, yozungulira mutu wonse. Ya makina apakhomo imalembedwa 130/705H kapena HAx1.
4. Phazi lapendekeka pokwera pokhuthala, monga polumikiza lasitiki. Pindani kansalu kakhale kokhuthala mofanana, mukalowetse pansi pa phazi chakumbuyo kuti likhale lathyathyathya, kenako dutsani pamenepo mukuzunguliza wilo ndi dzanja.
5. Singano yamata guluu chifukwa mwasoka pamalo omata kale. Ipukuteni ndi sipiriti. Ulendo wina yambani kusoka, kumata kubwere pambuyo.

Mwayesa zonsezi ndi singano yatsopano koma akudumphabe ngakhale pa chitenje wamba? Ndiye kuti singano ndi shatulo sizikukumana pa nthawi yake. Imeneyo ndi ntchito ya okonza.

### Ulusi wapamwamba ukungoduka

1. Ulusi wakale kapena wokhalitsa padzuwa. Ukokeni ndi manja, ukaduka osalimbalimba, si wosokera umenewo.
2. Diso la singano lachepera ulusi.
3. Ulusi ukukodwa pa kamng'alu ka m'mphepete mwa chokulungira chake. Chitembenuzeni.
4. Tenshoni yamangika kwambiri.
5. M'mphepete mwa bowo la pa kambale ka pansi pa singano mwakhala mokala chifukwa cha singano zimene zinathyokerapo. Mukayendetsa chikhadabo mudzamva. Kambaleko kamagulidwa pakokha.

### Satini akukwinyika, kapena nsalu ikumezedwa m'bowo la singano

Ili ndi vuto la osoka ma bonnet ndi ma scrunchie a satini, makamaka ochokera ku malaya ogonera a pa kaunjika, amene amakhala ofewa kwambiri.

1. Mwayambira m'mphepete penipeni. Yambirani sentimita imodzi mkati, mubwerere m'mbuyo, kenako mupite kutsogolo. Njira ina ndi kuyamba kusoka pa kansalu kena kolimba, satini n'kutsatira pambuyo pake osadula ulusi.
2. Singano ndi yaikulu kapena yobuntha, ikukankhira nsalu pansi m'malo moiboola.
3. Nsalu ilibe choigwira. Ikani pepala lopyapyala loyera pansi, musokere limodzi, mukatha muling'ambe. Nyuzipepala ayi, inki yake imatsalira pa satini wowala.
4. Tenshoni yamangika. Khwefulani pang'ono, msoko ukhale wa mamilimita 2 mpaka 2.5.

### Singano ikuthyoka

1. Mukukoka nsalu kumbuyo. Mano a makina ndi amene amakoka, manja anu ntchito yake n'kuwongolera basi.
2. Yagunda pini, kilipu kapena mfundo ya lasitiki imene yabisala mkati. Musanatseke scrunchie papasani pamene pali polumikiza, mupakankhire kutali ndi msoko.
3. Singano ndi yopyapyala pa nsalu yopinda kanayi. Ikani 100/16.
4. Sikuluwu ya singano kapena ya phazi yakhwefuka.

Ikathyoka, funani zidutswa zonse. Nsonga ikasowa, papasani chimene mumasokacho musanachipereke kwa munthu, chifukwa chikupita kumutu.

### Makina akulemera kapena akulira mwachilendo

Onani kaye ngati kaulusi kapanikizika kuseri kwa shatulo. Kenako lamba: akakhwefuka amaterereka, ndipo wachikopa mungamudule pang'ono n'kubowola pena polumikizira. Akamangika kwambiri makina amalemera. Chachitatu ndi mafuta. Thirani dontho limodzi m'bowo lililonse la mafuta, ndipo akhale mafuta a makina osokera, oyera aja. Mafuta ophikira amafewetsa makina masiku oyamba okha, kenako amauma n'kukhala phula logwira zitsulo. Mukathira, sokani kaye pa sanza mpaka mafuta asiye kuoneka, musanayike satini wa kasitomala.

## MAVUTO A ZINTHU ZOSOKA KALE

### Scrunchie yafooka, kapena lasitiki wamasuka mkati

1. Polumikiza pamasuka. Mfundo imodzi pa lasitiki woterera siikhalitsa, msoko umodzi wowongoka nawonso umaduka akamakokedwa. Sanjikizani mathero ake masentimita 2, musoke zigzag kupita ndi kubwerera kangapo. Makina opanda zigzag, sokani kabokosi, mudutsenso pakati mopingasa. Musanatseke nsalu, kokani mwamphamvu kuposa mmene kasitomala angakokere.
2. Lasitiki anali wotha kale pogula. Mpukutu umene wakhala pa benchi padzuwa miyezi yambiri umaoneka watsopano koma mphira wa mkati anauma. Pomwepo pogula kokani kachigawo kangapo. Akamalira ngati akuthetheka, akamatulutsa kaufa, kapena akakana kubwerera pa utali wake, musiyeni, ngakhale mtengo ukhale wonyengerera.
3. Muyeso walakwika. Pa scrunchie wamba, nsalu ya masentimita 50 mpaka 60 m'litali ndi 10 m'lifupi imayenda ndi lasitiki wa mamilimita 6, wotalika masentimita 18 mpaka 22. Koma muyeso umenewu si wa mutu woluka mesh kapena wa ma dread. Pamenepo pamafunika lasitiki wa sentimita imodzi m'lifupi, wotalikirapo, ndi nsalu yowonjezera. Yesani pa tsitsi lenileni musanadule zambiri. Scrunchie ikaoneka yowonda yopanda mafunde, nsalu yachepa: izikhala yotalika kawiri ndi theka kuposa lasitiki, kapena kuposerapo.
4. Kutentha ndi mankhwala. Simbi yamoto, madzi owira ndi Jik zimapha mphira. Mafuta odzola kumutu nawonso amamudya pang'onopang'ono. Uzani ogula kuti azichapa ndi manja m'madzi ozizira, n'kuyanika pamthunzi.
5. Mtundu wa lasitiki. Wokhala ndi mizere yoyenda m'litali, amene amawonda mukamukoka, ndi wabwino akamangoyenda mkati mwa nsalu, koma amafooka pamene singano yamubaya. Pa duku limene lasitiki akusokedwa pamodzi ndi nsalu, funani wofewa amene sawonda pokokedwa.

Akamapotana mkati, n'chifukwa cha polowetsa. Mangirirani mbali imodzi ndi pini pakamwa pa nsalu, inayo muiyendetse ndi pini yotseka, ndipo musanalumikize yendetsani zala muone kuti wagona mbali imodzi.

### Bow kapena duwa lamatuka pa kilipu kapena pa Alice band

Apa ndi pamene katundu wambiri amabwezedwera. Guluu wa glue gun, kachida ka magetsi kosungunula guluu, amagwira polowa m'timipata ta nsalu. Pa chitsulo chosalala ndi pa pulasitiki wonyezimira alibe polowa, amangokhala pamwamba, ndiye tsiku lina amasendeka yense bwinobwino osasiya chipsera. Mukaona guluu watsalira ku nsalu, kilipu ili mbee, mwadziwa kale chimene chachitika.

1. Mwadalira guluu yekha. Ulusi ndi umene uzinyamula, guluu angothandiza kuti chinthu chisagwedere. Kutirani kaye mlomo wapamwamba wa kilipu ndi kariboni, pamwamba ndi pansi, kuti nsalu imatane ndi nsalu inzake chitsulo chili pakati. Kenako kansalu komangira pakati pa bow kadutse mkati mwa kilipu, mukasokerere ndi manja, ulusi wowirikiza. Pa Alice band chitaninso chimodzimodzi: kulungani bandi yonse ndi nsalu, duwa lisokereredwe pa nsaluyo. Zimadya nthawi, inde, ndipo mtengo wanu uyenera kukwera nazo.
2. Pomatapo panali posalala kapena pamafuta. Kwechani ndi sandipepala mpaka kunyezimira kuthe, pukutani ndi sipiriti, mudikire paume.
3. Glue gun sinatenthe mokwanira. Ipatseni mphindi pafupifupi 5. Guluu azituluka yekha mosakakamiza. Mukathira, phatikizani nthawi yomweyo n'kupanikiza, chifukwa akangoyamba kuzizira sagwiranso. Mateni kachigawo kakang'ono nthawi imodzi.
4. Katundu watenthedwa. Guluuyu amasungunuka ndi moto, choncho kutentha kumamufewetsanso. Ma bow oyalidwa padzuwa la mu Okutobala tsiku lonse, kapena osiyidwa m'galimoto yotseka magalasi, amayamba kusuntha. Yalani pamthunzi.
5. Chachapidwa monyika. Zomata ndi guluu amangozipukuta ndi kansalu konyowa.

Chenjezo pa super glue: musamuthire pa chitenje kapena pa thonje. Akakumana ndi thonje amatentha kwambiri, nthawi zina mpaka kufuka utsi, ndipo atha kukuwotchani chala. Ngakhale asatenthe, amaumitsa nsalu gwa n'kusiya banga loyera.

### Riboni kapena m'mphepete mwa nsalu mukuyoyoka

Riboni ya polyester, kaya ya satini kaya yamizeremizere, idulidwe mopendekeka ndi sizasi yakuthwa, kenako muyendetse m'mphepete mwake pafupi ndi lawi la kandulo, osalowetsa m'lawimo. Ikada, mwayandikitsa kwambiri. Thonje silisungunuka, limayaka, choncho chitenje cha thonje chiyenera kupindidwa, kusokedwa zigzag, kapena kusokedwa chakunsi n'kutembenuzidwa. Zitenje zina za masiku ano n'zosakaniza ndi polyester. Yesani kachidutswa panja, madzi ali pafupi: chikasiya phulusa lofewa ndi thonje, chikachita kamkanda kolimba muli polyester. Msoko ukamaphulika m'mbali, mwasiya nsalu yochepa kuseri kwa msoko. Siyani sentimita imodzi.

### Bow yalefuka, makutu ake agwa

1. Mulibe cholimbitsa mkati. Ikani vilene, kansalu kolimbitsira komata ndi simbi. Mbali yokhakhala, ya guluu, igone kuseri kwa nsalu. Yalani kansalu konyowa pang'ono pamwamba, mukhazike simbi masekondi 10 mpaka 15 malo amodzi, muinyamule, muikhazikenso pena. Kuikhwekhwereza ndi kumene kumabweretsa matuza. Simbi ya makala iyeseni kaye pa kachidutswa.
2. Nsalu inalimba ndi sitachi wa kufakitale, ndipo wachoka pochapa koyamba. Sitachi wa chinangwa amaibwezera, koma akagula akachapa adzachokanso. Vilene ndiye wokhalitsa.
3. Pakati pamangidwa mokhwefuka. Pindani makwinya atatu, muwasoke ndi manja, mukulunge ulusi molimba musanaphimbe.
4. Bow yakulira kilipu yake. Chepetsani bow, kapena gulani kilipu yaitali.

### Duku likuterereka, kapena Alice band ikupweteka kuseri kwa makutu

Likamaterereka, choyamba ndi muyeso. Yezani mutu ndi tepi podutsa pamene dukulo lidzakhale, lomalizidwa likhale locheperapo masentimita 2 mpaka 5 malinga ndi kutamuka kwake. Chachiwiri ndi nsalu: satini amateteza tsitsi koma amaterera, choncho sokererani kachidutswa ka velvet mkati chakutsogolo. Bandi yopweteka, kutirani mathero ake ndi nsalu yofewa yopinda, ndipo papasani ngati pali chibuluma cha guluu wouma.

### Utoto ukusuluka, chinthu chachepa, kilipu yachita dzimbiri

Ziwiri zoyambazo mankhwala ake ndi amodzi: chapani chitenje musanadule, chokha, m'madzi ozizira, mpaka madzi ayere. Chikauma chipukuteni ndi kansalu koyera konyowa. Kakatenga mtundu, nsalu imeneyo isapite pa chinthu chokhudza kolala yoyera ya yunifolomu. Ma kilipu asungidwe m'botolo lotseka, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo yadzimbiri musaikutire nsalu kuti ibisike, dzimbiri limatulukirabe.

## PAMENE MUYENERA KUSIYA

Zimitsani, zulani pulagi, itanani okonza ngati:

- mota kapena chopondera cha magetsi chikununkha kupsa, chikutentha, kapena chikufuka utsi
- makina akukugwirani magetsi, kapena waya wasendeka
- makina akuyenda okha musanaponde
- singano yatsopano, yolowa bwino, ikugunda chitsulo pansi
- wilo lakaniratu kuzungulira mutachotsa ulusi wonse. Osalikakamiza, muthyola za mkati
- mano okoka nsalu sakuyenda, chikhalirecho utali wa msoko suli pa 0 ndipo manowo sanatsitsidwe
- nsonga ya shatulo yabenthuka

Magetsi akazima muli pakati pa ntchito, zulani makina ndi glue gun yomwe. Akabwera usiku inu mutagona, glue gun yoiwalika pa mulu wa nsalu ikhoza kuyatsa nyumba.

Pitani kuchipatala ngati:

- singano yalowa m'chala n'kuthyokera momwemo, kapena yaboola chikhadabo. Musaitokose nokha, ndipo akakufunsani za katemera wa kafumbata muwauze zoona
- guluu wakuwotchani malo aakulu, kumaso, kapena wawotcha mwana. Choyamba thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, ndipo osasenda guluu amene wamatirira pakhungu lopsa
- kachidutswa ka singano kalowa m'diso
- wovala watuluka zidzolo pamene chitsulo chimakhudza. Ena khungu lawo limadana ndi nickel wa m'ma kilipu. Asiye kuvala, ndipo zikapanda kutha akaonane ndi adokotala
- tsitsi layamba kuthothoka m'mphepete mwa chipumi pamene bandi imakoka. Kukoka kwa nthawi yaitali kukhoza kupha mizu ya tsitsi osameranso, ndiye asazengereze

Za ana osakwana zaka 3 zisakhale ndi mikanda, mabatani kapena timiyala tomata, chifukwa akazula amaika m'kamwa. Uzani amayi kuti kaduku ka khanda kazichotsedwa mwana akamagona, kangatsetserekere pakhosi kapena pamphuno.

Popita kwa okonza, musachotse singano, bobini ndi ulusi zimene zinali pa makina, ndipo tengani kansalu koonetsa vutolo. Gwirizanani mtengo asanamasule, pemphani kuti chitsulo chilichonse chimene achotse akubwezereni, ndipo musananyamuke yesani makinawo pa lasitiki ndi satini wanu, osati pa kansalu kawo kokha.